Dzanja la aNankhoma M'thumba la Mkamwini

Mzimayi akamwalira m'midzi ya kuseri kwa Namitete, uthenga umayamba wafika kwa mfumu, kenako kwa adzukulu okumba manda, kachitatu kwa aNankhoma. Dzina lawo la ubatizo ndi Beatrice, koma limenelo amaitana ndi abambo mfumu a ku parishi okha. Ntchito yawo ndi yosambitsa maliro a amayi. Palibe anawasankha. Tsiku lina anamwalira mlamu wawo, amayi n'kuyamba kukankhizana pakhomo la siwa, uyu akuti ndili ndi khanda, uyu akuti mutu ukundiwawa, uyo akuti mtima wanga ndi wofooka. ANankhoma anapsa mtima, anatula mwana kumsana, n'kunyamula beseni. Kuyambira pamenepo beseni silinawachoke m'manja.

Ntchito imeneyi inawaphunzitsa kuti anthu akamalira uziyang'ana manja awo, maso asakupusitse. Anaona zambiri mayi amenewa. Anagwirapo mzimayi wina wotcheza kachasu akutunga madzi osambitsira mtembo m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ati akathire mumphika kuti makasitomala azichita kukanganirana. Anapezapo nsalu yokulungira maliro itadulidwa m'mphepete ndi lezala. Ndiye iwo anaika malamulo awoawo. Madzi amakataya okha, m'dzenje lokumba okha, n'kukwirira, n'kupondaponda. Sopo wotsala amalowa m'bokosi iwo akuona. Wina akangoti ndikuthandizeni kunyamula beseni, amamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, munthuyo n'kubwerera yekha. Kumphakati wa tchalitchi ankawanena kuti aNankhoma angathe kukayikira ngakhale madzi odalitsa. Iwo sankakana.

Amuna awo, a Lazaro, anali kalipentala wokhoma mipando m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ndipo anamwalira Yankho, mwana wawo mmodzi yekhayo, akadali ku pulayimale. ANankhoma anamulera ndi mtedza, tinkhumba tingapo, ndi pakamwa. Mwanayo anakula akudziwa kuti chakudya cha pakhomo pa eni sadya, tsitsi akameta amakwirira, ndipo bulauzi ikasowa pachingwe imafufuzidwa mpaka ipezeke. Atamaliza sekondale anaphunzira kusoka, n'kupeza malo pashopu ina ya telala ku Lilongwe. Mayi ake anadandaula kwambiri, ndipo sikunali kusungulumwa kokha ayi. M'tauni muli manja ambiri, iwo sakanatha kuwayang'ana onse.

Chaka chatha, anthu ali mkati mosankha fodya, Yankho anabwera ndi nkhani yoti pali mnyamata, dzina lake Wilson, wa kwa Kabudula, ndipo kwawo akufuna kutumiza ankhoswe. A Jailos, mlongo wawo wa aNankhoma, amene ndi mwini mbumba, anavomera kuti abwere Loweruka. Zonse zinali bwino mpaka Yankho anatulutsa foni kuti anzake a m'mudzi aone nkhope ya mwamunayo. Foni inayenda m'manja m'manja, n'kufika kwa mayi ake. Mnyamata wake wooneka bwino ndithu, shati yoyera, nsapato zonyezimira. Yankho waima pambali pake, mano onse pamtunda. Kumbuyo kwawo kuli nkhata za maluwa ndi chimwala chosalala, chotalika ngati bedi.

"Apa ndi pati?"

Yankho anayankha osaganiza n'komwe kuti ndi pamanda a Kamuzu, ndipo Wilson amapitako pafupifupi tsiku lililonse chifukwa ndiyo ntchito yake. Amayendetsa alendo wapansi mumzinda, kuwaonetsa ziboliboli, nyumba za zojambula, zipilala, n'kumalizira kumandako.

Mtima wa aNankhoma unangoti myuu. Kwawo munthu salowa kumanda popanda maliro, ndipo ngakhale pa maliro amayamba yalola mfumu. Wopita kumanda dzuwa likuswa mtengo, popanda womwalira, aliyense amadziwa chimene akukafuna. Nanga uyu wa tsiku ndi tsikuyu? Nsapato zonyezimirazo zikuchokera kuti? Ndipo bwanji, mwa atsikana onse odzaza mu Lilongwe muja, wasankha mwana mmodzi yekha wa mayi wamasiye n'kukamuimika pamutu pa manda? Anthu okhwimira chuma amafuna otere, opanda bambo wowalondola.

A Jailos anaseka mpaka kutsokomola. Anati achemwali, amenewo si manda ngati akunowa, ndi malo aboma, ngakhale ana asukulu amapitako pabasi. Anangowonjezera moto. Manda ndi manda, kaya apakidwa penti. ANankhoma ananena poyera kuti ankhoswe asaponde pakhomo pawo iwo asanakaone ndi maso awo zimene mnyamatayo amachita. Yankho anaimba foni akulira. Wilson sanakhumudwe, anati amayi abwere Lachitatu, ali ndi alendo, adzayende nawo limodzi ulendo wonse. Kuvomera msanga kumeneku nakonso sikunawasangalatse.

Lachitatu anavala kolona m'khosi, anamanga mchere pang'ono pamfundo ya chitenje, n'kukwera minibasi ndi Yankho. Anadutsa pa Msundwe, pa Mpingu, pa Chitedze, jumbo ya mbatata yophika ili pamiyendo, aigwira ndi manja onse awiri. Wilson anawachingamira padepoti. Ananjuta chapatali, maso pansi, n'kuwomba m'manja monga achitira mkamwini wophunzitsidwa bwino kwawo. Sanawalankhule mwachindunji, mawu ake ankadzera kwa Yankho. Anafunsa ngati awapezere kabaza, poti ulendo ndi wautali. Anakana. Adzaponda pamene akuponda iyeyo. Anawagulira fanta ndi banzi, iwo anati akhuta, chonsecho mimba ikulira moti ngakhale Yankho ankamva.

Alendo ake anali atatu: mzungu ndi mkazi wake, onse ofiira ndi dzuwa, ndi mtsikana wina wa ku Blantyre wopachika chikamera m'khosi. Anayambira kwa ogulitsa ziboliboli amene amayala malonda awo pansi pa mitengo cha ku positi ofesi. Aliyense pamenepo ankamudziwa Wilson, ankachita kumuitana dzina kuchokera patali. ANankhoma anayang'ana njovu, mvuu, mipando yopinda, anamva chisoni ndi mitengo yabwino imene a Lazaro akanakhomera zitseko. Koma chimene chinawaimitsa ndi mitu ya anthu. Mitu yokhayokha, yopanda thupi, yandandalikidwa pachiguduli, yakuda bii. Wilson ananyamula umodzi, anausisita pachipumi, akufotokozera azungu aja m'Chingerezi. Iwo anagwira kolona.

Kuchoka apo analowa m'nyumba ina ya zojambula. Munali mozizira, makoma oyera mbee, ndipo anthu ankalankhula monong'ona ngati muli mtembo. Zithunzi zinapachikidwa motalikirana, chilichonse ndi kagetsi kake. Pa china panali mayi wosenza mtolo wa nkhuni, mwana kumsana, chitenje chojambulidwa bwino mpaka timaluwa take, koma nkhope palibe. Pamalo pa nkhope panali posalala. Anatuma Yankho kuti afunse. Wilson anayankha kuti wojambulayo anafuna kuti aliyense woyang'ana azionapo mayi ake. Mtsikana wa ku Blantyre anagwedeza mutu, ati zakuya. ANankhoma anangoti mmh. Iwo funso lawo linali lina, loti nkhope ya mayiyo anaitenga ndani, ndipo anapita nayo kuti.

Komabe pali chithunzi chimodzi chimene chinawagwira, tisawanamizire. Chinali chigafa cha fodya, masamba akulendewera, ena achikasu ena ofiira, njinga yatsamira pamzati, nkhuku ikupalasa pansi. Wojambulayo anaika ngakhale pamene udzu wa denga unaphwasuka ndi mphepo. Anaima pamenepo nthawi ndithu, fungo la fodya wouma likuwabwerera m'mphuno, mpaka anaiwala kumene ali. Atatembenuka anapeza Wilson akuwayang'ana, akumwetulira. Anadzudzuka. Eya, umu ndi mmene amakokera anthu, amayamba akufewetsa mtima. Anatuluka panja n'kukadya mbatata yawo ataimirira.

Kenako unayamba ulendo weniweni, wochoka ku tauni yakale kupita kumene kuli maofesi aboma. Abale, mzinda uja ndi wotambalala! Galimoto zikungoti vuu vuu, phula likutentha kudzera m'nsapato za pulasitiki. Anadutsa nkhalango yowirira pakati penipeni pa tauni, anaoloka Lingadzi pa mlatho. Azungu ankangopapira madzi. Mapazi a aNankhoma anatupa, bondo lakumanzere linayamba zake zija, koma sanadandaule ngakhale kamodzi. Ankayenda kumbuyo kwa Wilson, maso ali pa manja ake. Manjawo ankaloza uku ndi uku, ankaimitsa galimoto kuti alendo aoloke, ankapukuta thukuta. Kamodzi anagwira Yankho pamkono kuti asagwere m'ngalande. Choipa sanachione, ndipo kusaona kumeneku kunkawakwiyitsa. Munthu wochenjera amadikira kumapeto.

Anafika pa chipilala chachitali kwambiri, chooneka ngati nsanja ya tchalitchi chachikulu. Wilson anafotokoza kuti n'chokumbukira asilikali a dziko lino amene anafera ku nkhondo zikuluzikulu zakale zija. ANankhoma anatumanso Yankho, afunse ngati mitembo yawo ili pansi pomwepo. Wilson anayankha kuti ayi, ambiri anaikidwa kutali, kumaiko a eni, ena sakudziwika n'komwe kumene anagona. Chiliza chachikulu chonchi, chopanda mtembo! Koma pansi pa mantha awo panabwera chisoni chimene sanachiyembekezere. Ana a eni ake, kufera kuthengo. Anawasambitsa ndani? Anawatseka maso ndani? Anapezeka akunena Tikuoneni Maria chamumtima, pamene mzungu uja ankagona chagada pa simenti kuti nsanja yonse ilowe m'foni.

Kumanda anafika dzuwa litapendeka. Malo ake ndi okongola, zimenezo sangatsutse. Kapinga wometa bwino, maluwa, masitepe onyezimira, zipilala zinayi zonyamula denga. Koma palibe anapempha kwa mfumu. Palibe anatsogolera pemphero. Pachipata panalibe ngakhale chidebe cha madzi osamba m'manja potuluka. Anthu ankangolowa ngati akulowa m'golosale. ANankhoma anachita chizindikiro cha mtanda, anakwera masitepe akukoka mwendo, n'kukaima pakona pamene ankatha kuona onse. Wilson anavula chipewa, anatsitsa mawu, anafotokoza zake. Alendo anajambula, anajambulana, anajambulanso. Yankho anayang'ana mayi ake ndi maso ofunsa kuti mwaonatu, palibe kanthu. Iwo anayang'ana kumbali.

Potsika, Wilson anatsalira m'mbuyo. Alendo atatsogola, iye anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anawerama msangamsanga m'mbali mwa maluwa, anatola kanthu padothi, n'kuponya m'thumba la buluku. Zinachitika mwa kanthawi kochepa, koma maso amene anagwira kabotolo ka mayi wa kachasu sakanaphonya zimenezo. Dothi la pamanda! ANankhoma ankadziwa, ankadziwa chiyambire. Ndipo kunena zoona, pamodzi ndi manthawo anamva kukoma, kukoma kwa munthu amene anthu amuseka sabata yonse kenako n'kupezeka kuti amanena zoona.

Sanakuwe. Pamanda sakanganirapo. Anadikira mpaka onse atatuluka pachipata, pamsewu pamene anyamata a kabaza anaimika njinga zawo pamthunzi. Pamenepo anamudulira kutsogolo Wilson n'kuima naye maso ndi maso, chinthu chimene mpongozi sachita. Kwawo mpongozi akaona mkamwini akubwera m'njira amapatukira kutchire.

"Tulutsani chimene mwatolacho."

Wilson anabwerera m'mbuyo, anayang'ana Yankho, ngati sanamve. ANankhoma anaona ngati akufuna kuthawa nacho. Asanaganize n'komwe, dzanja lawo linali litalowa kale m'thumba la buluku la mwana wa eni, mpaka m'kati, n'kutulutsa zonse pamodzi ndi nsalu ya thumbalo. Anatambasula chikhatho pamaso pa anthu onse.

Munali kapepala ka switi, kachitsekerero ka botolo la madzi, ndi kachidutswa ka ndudu.

Anatembenuza kapepalako, anakanunkhiza, kuti mwina mwakulungidwa dothi. Munalibe. Mkazi wachizungu uja anafiira kuposa kale, chifukwa switiyo anadya ndi iyeyo, ndipo potola paja Wilson ankayang'ana uku ndi uku kuti mlendo wakeyo asaone n'kuchita manyazi. Mtsikana wa ku Blantyre anatsitsa kamera yake. Koma anyamata a kabaza alibe chisoni anthu aja. Anafa nacho chiseko, wina akumenya chishalo, wina wakweza foni m'mwamba, akukuwa kuti apongozi asecha mkamwini, bwerani mudzaone. Wilson anangoima, thumba lili lende panja.

"Ndimatola, amayi. Pamanda sipayenera kukhala zinyalala."

Anatenga zinyalalazo m'dzanja lawo mwaulemu, ndi manja awiri, anabwezera thumba lake m'kati, anauza Yankho kuti aperekeze amayi kudepoti pa kabaza, iye n'kupitiriza ndi alendo ake. Sanacheukenso.

M'minibasi Yankho anakhala cha kuwindo. ANankhoma anayesa kunena kuti munthu amayenera kutsimikiza, kuti anachitira iye yemweyo, kuti kholo lililonse likanatero. Mwanayo ankangoyang'ana pawindo. Atadutsa minda ya pa Chitedze ndi pamene anatembenuka, nalankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Mukudziwa zimene ananena amayi ake a Wilson atamva ntchito yanu? Anati mwana wa osambitsa maliro sangakwatiwe ndi mwana wawo. Anati madzi aja mumapita nawo nokhanokha kuseri, ndani amaona ngati mumatayadi onse? Wilson wakangana nawo chaka chathunthu chifukwa cha inu. Amawauza kuti munthu wosamala akufa ndi munthu waulemu."

Zaka zonsezi aNankhoma ankayang'ana manja a anthu, ndipo sanaganizepo ngakhale tsiku limodzi kuti mzimayi wokana kuthandizidwa, wozemba yekha ndi beseni kuseri kwa nyumba ya maliro, amaoneka bwanji kwa amene atsala pakhonde. Zinawapweteka kwambiri. Anakumbukira nkhope za amayi a kumphakati, mmene ena amachedwera kulandira chikho kuchokera m'manja mwawo, zimene iwo ankaziyesa ulemu. Kondakitala atakuwa kuti Namitete, anachita kuwagwedeza paphewa kuti atsike.

Loweruka anadzuka m'mamawa, anasesa bwalo lonse mpaka kunjira, anatsira thobwa m'ndowa yatsopano. A Jailos anabwera atavala jekete, nkhope ili gwa, osawayang'ana achemwali awo. Ankhoswe anafika mochedwa, amuna awiri panjinga yamoto, wamkuluyo ndi malume ake a Wilson. Atakhala pansi pa mtengo wa mango, aNankhoma anabwera chogwada ndi chikho cha thobwa, anamwako kaye okha monga mwa mwambo kuti alendo aone kuti mulibe choipa, n'kupereka. Malume analandira, anathokoza, anayang'ana m'chikhomo, n'kuchiika pansi pa mpando.

Analankhula mofatsa bambo amene uja, mozungulira, monga alankhulira ankhoswe. Anati mphwawo sananene kanthu kwawo, ndi mwana wosunga pakamwa. Koma kanema wa zimene zinachitika m'tauni anafika kwa Kabudula pa mafoni mawa lake lomwelo, Lachinayi, ndipo mayi ake a mnyamata anamuonera kuchigayo, pakati pa anthu. Ndiye abale akhala pansi, aona kuti nkhaniyi iyambe yadikira. Fodya agulitsidwe kaye, anthu apume, mwina adzatumiza mawu. A Jailos anawomba m'manja n'kunena kuti amva. Onse pamenepo ankadziwa kuti mawu a mtundu umenewo satumizidwa.

Yankho anamva zonse ali kuseri kwa chitseko. Njinga yamoto italira n'kuzimiririka, anatuluka atavala nsapato, chikwama chake chili m'manja. Maso anali ouma. Anati akubwerera kuntchito, ndipo sakudziwa kuti adzabwera liti. ANankhoma anadzuka pamphasa, anati dikira mwanawe, kunja kwatentha, udye kaye, tikambirane. Yankho anagwada pakhomo, anatsegula zipi, n'kukhuthulira zonse pamphasa, pamapazi pa mayi ake: madiresi awiri, sopo, tchaja ya foni, sizasi, tepi yoyezera nsalu, zovala zam'kati. Anatembenuza chikwamacho n'kuchigwedeza.

"Secheni, amayi. Mungadzanene kuti ndatenga kanthu."

A Jailos anayang'ana kumbali. ANankhoma anaima chiimire, manja ali lende, ndipo Yankho anadikira ndithu, osasuntha, mpaka anaona kuti mayi ake sakhudza kanthu. Kenako analongedza katundu wake chimodzichimodzi, anatseka zipi, n'kulowera njira ya kumsewu.